Kainjini ka 12 cc kopangidwa pa lathe ku Chirimba: momwe ntchito ikuyendera

Kainjini kake ndi ka petulo, ka silinda imodzi, ka four-stroke, kozizira ndi mpweya, kogona chopingasa ngati injini zakale za pachigayo. Maganizo ake tatengera pa injini ya Webster, imene anajambula Joe Webster ndipo anthu ambiri oyamba ntchito yotereyi amayambira pomwepo. Yake ili ndi bowo la silinda la 7/8 inchi ndipo pisitoni imayenda 1 1/4 inchi. Ife tasintha kukhala 22 mm ndi 32 mm, chifukwa ma tap, ma reamer ndi mabering'i amene mungawapeze mu Blantyre ndi a mamilimita. Zimenezi zimapereka 12.2 cc. Valavu ya ekizozi yokha ndiyo imakankhidwa ndi cam, kachitsulo kozungulira kokhala ndi linunda mbali imodzi. Yolowetsa mafuta imatseguka yokha pisitoni ikamakoka mpweya.

Zida zimene zilipo: lathe (makina opalira chitsulo chikuzungulira) yakale ya Myford ML7 yokhala ndi vertical slide (chogwirira ntchito chokwera ndi kutsika), drill ya pabenchi, vayisi, matupa, micrometer ya 0 mpaka 25 mm ndi veniya. Milling machine palibe. Mitengo yonse ndi ya nthawi imene tinagula, ndipo poti kwacha simakhazikika, muitenge ngati chongoyerekezera.

4 Meyi 2024: kusaka zitsulo

Chitsulo cha cast iron chatsopano chozungulira sichiwoneka m'mashopu, ndiye zonse zachokera kwa ogulitsa zitsulo zakutha ku Ndirande ndi ku Limbe. Cha silinda ndi chidutswa cha 55 mm kukula, 90 mm kutalika, chodulidwa ku shafuti ya makina akale, K3,000. Cha flywheel, gudumu lolemera lothandiza injini kuzungulirabe, ndi pule ya cast iron ya 110 mm, K2,500. Mapisitoni akutha a galimoto osungunula kukhala tsinde lokhalapo injini, K4,000. Ndodo zosalala za 10 mm ndi 6 mm zochotsedwa m'maprinta akufa, K1,500. Mabering'i awiri a 6000 ZZ, a 10 x 26 x 8 mm, K7,000 onse. Kachidutswa ka brass ka 16 mm, K3,500.

Ogulitsa ambiri chitsulo chilichonse cholemera amangoti cast iron. Yendani ndi tupa m'thumba. Cast iron mukaipala imatulutsa fumbi lotuwa lodetsa zala ngati mwagwira pensulo, ndipo mukaimenya ndi hamala siilira kwa nthawi yaitali. Chitsulo wamba chimatulutsa timizere tonyezimira ndipo chimalira ngwee. Ngati tupa ikungoterereka osaluma, chisiyeni kapena konzekerani kuchiwotcha.

11 Meyi: kufewetsa cast iron

Chidutswa cha silinda chinali ndi khungu lolimba. Mpeni wa pa lathe wa chitsulo cholimba cha HSS unafota usanadye ngakhale milimita imodzi. Mankhwala ake ndi mbaula: kwirirani chitsulo m'makala ambiri, pemererani mpaka chonse chifiire mofanana, chikhale choncho kwa ola limodzi, kenako chikwirireni ndi phulusa lochuluka ndi kuchisiya usiku wonse. Osathira madzi, osachitulutsa kuti muone. Chikazizira msanga chimalimbanso. M'mawa mwake tupa inaluma bwino. Makala a ntchito imeneyi anadya K2,000. Pule ya flywheel inalowa m'moto womwewo.

18 Meyi: silinda

Cast iron imapalidwa youma, popanda mafuta, pa liwiro la pafupifupi mamita 20 pa mphindi. Pa 50 mm ndiye kuti 130 rpm kapena pafupi pamenepo. M'bowo la 22 mm mutha kufika 290 rpm. Phimbani msana wa lathe ndi pepala lolimba, osati nsanza chifukwa nsanza imakokedwa ndi chuck, chogwirira chitsulo chozungulira cha pa lathe. Fumbi la cast iron likasakanikirana ndi oyilo limadya msanawo.

Kunja tapala mpaka 46 mm, kutalika 70 mm. Kumutu tasiya mkombero wa 12 mm wa mabawuti anayi a M4, ndipo kumunsi phewa lolowa m'mbale yogwirira silinda. Nthiti zoziziritsa tadula ndi parting tool ya 2 mm, kuzama 8 mm, kusiya khoma la 4 mm kuzungulira bowo. Nthiti zidulidwe musanamalize bowo. Mukayamba ndi bowo, kukankha kwa mpeni ndi kufinya kwa chuck kumalipotoza, ndipo mudzaliona litaphwatalala mukamasula.

Bowo tinayamba ndi drill ya 10, kenako 16, kenako 20 mm, zotsalazo ndi boring bar, ndodo yokhala ndi mpeni kunsonga yopalira m'kati mwa bowo. Apa ndi pamene vuto loyamba lenileni linaonekera. Titayesa, kukamwa kunali 21.95 mm koma mkati mwenimweni 21.87 mm. Boring bar ya 10 mm itatuluka 80 mm imagonja, imathawa chitsulo m'malo mochidya. Tinasintha ndi bar ya 16 mm, mpeni wonoledwa kumene wokhala ndi kansonga kozungulira pang'ono, ndipo pomaliza tinadutsa mobwerezabwereza osasuntha dial ngakhale pang'ono mpaka fumbi litasiya kutuluka. Kusiyana kunatsika kufika 0.02 mm. Tasiya bowo pa 21.96 mm kuti zotsalazo zichoke posalaza. Mbali yothina ndiyo ikhale kumutu, kumene kompuleshoni imafunika.

25 Meyi: kusalaza bowo

Aliyense wofuna kuthamanga amalumpha gawo ili, ndipo kainjini kake sikalira. Mizere ya mpeni imene maso saiona ndi njira zothawira mpweya, ndipo pa 12 cc mulibe mpweya woti muzitaya.

Chosalazira tapanga ndi aluminiyamu: chozungulira 21.9 mm, kutalika 40 mm, chong'ambidwa m'litali ndi sowo, mkati muli bawuti ya mutu wosongoka yoti ikamangidwa chizitukuka. Chiyenera kukhala chofewa kuposa silinda kuti mchenga wa phala ulowe mwa icho, uzidya silinda. Phala lake ndi la mavalavu a galimoto, la mbali yosalala ya kachitini, K4,500, losungunula ndi oyilo wopepuka. Chosalazira chimagwidwa mu chuck pa 150 rpm, silinda m'manja, kuyendetsa uku ndi uku osaima malo amodzi, ndipo chosalazira chisatuluke kupitirira theka la kutalika kwake, apo ayi kukamwa kumakula. Gwirani moti ikaluma muisiye izungulire yokha. Magolovesi ayi.

Dzanja limamva pamene pali pothina. Khalitsani pamenepo mpaka kukana kufanane ponseponse, pukutani, thirani phala latsopano, mangani bawuti pang'ono, bwerezani. Pomaliza tinapanga chosalazira china choyera ndi kugwiritsa ntchito polishi wa zitsulo. Chakale chimakhala chitamwa mchenga wokhakhala ndipo chikanangobwezeretsa mizere.

Kutsuka kwake: parafini kaye, kenako madzi otentha a sopo ndi mswachi wakutha, mpaka kansalu koyera katuluke koyera. Cast iron ili ndi timaenje tosunga mchenga, ndipo wotsalira umadzadya pisitoni. Mukangoumitsa pakani oyilo pomwepo. Bowo latha pa 22.01 mm, lofanana mbali zonse malinga ndi momwe kachitsulo kozungulira koyesera bowo kakulowera.

1 Juni: pisitoni

Pisitoni imapangidwa motsatira bowo, osati motsatira chojambula. Tasankha cast iron osati aluminiyamu, chifukwa aluminiyamu imatukuka ndi kutentha pafupifupi kawiri kuposa cast iron, choncho imafuna mpata wa 0.05 mm ikazizira, ndipo mpata umenewo umavutitsa poliza. Ya cast iron imakwana ndi 0.02 mm. Kutalika 28 mm, pini ya 6 mm ili 14 mm kuchokera pamwamba, mkati mwaboola kuti ipepuke.

Kuyesa kwake nkosavuta. Zonse zili zouma ndi zoyera, pisitoni itsike yokha m'silinda pang'onopang'ono, ndipo mukatseka kumwamba ndi chala iime.

M'malo mwa ring ya chitsulo taika O-ring ya Viton ya 18 x 2 mm. Samalani pogula. Zakuda za m'mabokosi a mipope ndi za nitrile, zimene zimauma ndi kusweka kutentha kukapitirira madigiri 120; Viton imapirira mpaka cha m'ma 200. Mtundu wokha siumboni, funsani paketi yolembedwa Viton kapena FKM. Ziwiri K5,000 ku shopu ya ma seal a hydraulic.

Kangalande koyamba ka pa pisitoni kokhalamo ring kanali kozama 1.6 mm ndipo ring inagwira kwambiri moti pisitoni inkafuna kukankhidwa ndi dzanja lonse. Miyeso ya m'mabuku a hydraulic ndi yofinya kwambiri, siyenera pano. Tazamitsa kufika 1.85 mm, m'lifupi 2.4 mm. Ring ikhudze khoma pang'ono chabe. Mpweya wolowa kuseri kwake ndiwo umaikankhira kukhoma nthawi ya kompuleshoni.

Bowo la pini libooledwe pa lathe, pisitoni itamangidwa pa vertical slide. Drill ya pabenchi imapendeka, ndipo pini yopendeka imapangitsa conrod, mkono wolumikiza pisitoni ku crankshaft, kuluma mbali imodzi.

8 Juni: tsinde ndi mutu wosungunula

Mapisitoni akale tasungunula m'chitini cha chitsulo chokhuthala pa makala opemerera ndi blower, njira yomweyo ya opanga mapoto ku Ndirande, ndi kuthira m'chikombole cha mchenga. Chitini, chikombole ndi chovundulira zikhale zouma kotheratu; dontho la madzi m'aluminiyamu wosungunuka limaphulika. Tsinde la 180 x 90 x 15 mm latuluka bwino. Aluminiyamu wa mapisitoni ali ndi silicon wambiri, amafotsa mpeni msanga, ndiye mwala wonolera ukhale pafupi.

Mutu wa silinda wosungunula womwewo wakanika. Utapalidwa unkaoneka wabwino, koma titaumanga pa silinda, kutseka mabowo, kupopa ndi pampu ya njinga ndi kuviika m'madzi, thovu linatuluka pakati pa chitsulo penipeni. Ndi timabowo ta mpweya umene aluminiyamu amamwa akatenthedwa kwambiri kapena kukhalitsa pamoto. Pa tsinde zilibe kanthu, pa mutu ndi kutaya kompuleshoni. Tagula kachidutswa ka aluminiyamu wa kufakitale ka 50 mm, K6,000, ndi kupanga wina wa 14 mm kukhuthala.

Pulagi ndi NGK C7HSA ya njinga zamoto, yopezeka paliponse pamene akabaza amagula zipangizo, K4,000. Mazinga ake ndi M10 x 1.0, drill yake 9.0 mm. Tap ya M10 wamba ndi ya 1.5, siigwirizana nayo. Ya 1.0 inadya K8,000, ndipo palibe njira yoizembera.

15 Juni: crankshaft, conrod, flywheel

Shafuti ndi ndodo ya printa ya 10 mm, mbale ya crank ndi chitsulo wamba cha 48 mm kukula, 10 mm kukhuthala, pini yake ili 16 mm kuchokera pakati. Bowo la shafuti ndi la pini abooledwe pa kumanga kumodzi kuti ayenderane. Shafuti yalowa mothina ndi Loctite 638, kenako taboola chopingasa ndi kukhomera kapini ka 3 mm. Kuwotcherera ndi arc kumaikhotetsa, musayese.

Zogwirira mabering'i ziwiri tazimanga pamodzi ndi kuziboola nthawi imodzi. Conrod ndi aluminiyamu, 80 mm pakati pa mabowo, mabushi a brass. Pozungulitsa ndi dzanja panamveka kugogoda kawiri pa kuzungulira kulikonse. Conrod ya 10 mm m'lifupi imapendeka madigiri oposa 11 pakati pa ulendo ndipo inkagunda kukamwa kwa silinda. Taichepetsa kufika 7 mm pakati pake ndi kupala kukamwako mopendeka pang'ono.

Flywheel yatha pa 100 mm, yolemera pafupifupi magalamu 800, yopalidwa pa back gear pa 60 rpm. Kulemera kukhale kumkombero. Kumaliza kwake kuchitike itamangidwa pa kashafuti koyesera, kuti isamagwedezeke.

22 Juni: magiya ndi cam

Cam imazungulira theka la liwiro la crankshaft: mano 20 ndi 40, module 1, kunja 22 mm ndi 42 mm, pakati ndi pakati 30 mm. Popanda dividing head, chida chogawira mano a giya mofanana, tamanga giya ya lathe ya mano 40 pa shafuti imodzi ndi chogwirira ntchito, kachitsulo kosongoka kakulowa m'dzino lililonse. Ya mano 20 mumalumpha dzino limodzi. Mpeni ndi fly cutter yonoledwa pamanja, kuzama 2.25 mm. Yaikulu ndi ya brass, yaing'ono ya chitsulo. Magetsi anazima tili pakati pa giya yaikulu. Chongani ndi maka dzino lililonse lodulidwa, ndipo dial isakhudzidwe mpaka abwere. Pomanga, lowetsani kapepala ka kope pakati pa mano, kanikizani, mangani, chotsani pepala. Mpata wotsalawo ndiwo wofunika.

Cam imakweza 2 mm kwa madigiri 115 a kuzungulira kwake, amene ndi 230 a crankshaft. Tailemba pa chidutswa cha silver steel, kuipala ndi tupa, kuiwotcha mpaka kufiira ndi kuiviika mu oyilo.

29 Juni mpaka 13 Julayi: mavalavu

Nthawi yambiri ya ntchito yonse yathera pano, ndipo mpake. Mavalavu onse awiri ali m'kabokosi komangidwa pambali pa mutu, kolumikizidwa ndi silinda kudzera m'kanjira ka 4 mm. Valavu iliyonse mutu 8 mm, tsinde 3 mm, pokhalira madigiri 45, yopalidwa kuchokera ku bawuti ya stainless ya M10.

Tsinde la 3 mm lotalika 30 mm limagonja mukalipala lonse kamodzi. Limatuluka lonenepa kunsonga. Palani pang'onopang'ono: tulutsani 8 mm kuchokera mu chuck, fikitsani pa muyeso, pitirirani chakumutu gawo lina, mpeni wakuthwa kwambiri ndipo uli pakati penipeni. Stainless mukangoisisita osaidya imalimba pomwepo, ndiye mpeni uzidya nthawi zonse. Pokhalira pa madigiri 45 padulidwe valavu isanachoke mu chuck. Mukaimasula ndi kuimanganso, tsinde ndi mutu sizikhalanso pa mzere umodzi, ndipo kusalaza kulikonse sikungakonze zimenezo. Siyani kachigwiriro ka 25 mm pamwamba pa mutu kogwirira posalaza, mudzakadule pomaliza.

Chimodzimodzi zisa za brass zimene mavalavu amakhalamo. Bowo la tsinde, la 2.9 mm kenako reamer ya 3 mm, bowo la mpweya la 6.5 mm, ndi pokhalira, zonse pa kumanga kumodzi.

Zisa zoyamba zinali ndi pokhalira pa 1.5 mm m'lifupi, podulidwa ndi countersink, ndipo zinkataya mpweya ngakhale zitasalazidwa kwa nthawi yaitali. Zifukwa ndi ziwiri. Countersink ya mano ambiri imanjenjemera ndi kusiya timapiri. Komanso sipuling'i ya valavu yolowetsa mafuta ndi yofooka dala, choncho mphamvu yake ikamwazikana pa malo aakulu siikanikiza mokwanira paliponse. Pokhalira popyapyala ndi pamene pamatseka. Zatsopano tadula ndi kampeni ka boring, top slide itapendekedwa madigiri 45 osasunthidwa kuchokera podula mavalavu, m'lifupi 0.3 mpaka 0.4 mm basi.

Phala la mavalavu a galimoto ndi lokhakhala kwambiri pa brass, limakumba ngalande. Gwiritsani ntchito polishi wa zitsulo kapena mankhwala otsukira mano oyera aja. Pikitsani valavu ndi zala uku ndi uku, inyamuleni, itembenuzeni pang'ono, bwerezani. Drill ayi, chifukwa kuzungulira mbali imodzi kumalemba mizere yozungulira. Phala lisafike pa tsinde. Mzere wotuwa wosaduka ukaoneka kuzungulira valavu, lekani. Kupitiriza kumangokulitsa pokhalira.

Chisa chilichonse chiyesedwe chisanalowe m'kabokosi. Lumikizani kapaipi ndi jekeseni yaikulu ku bowo la m'mbali, pakani girisi pa tsinde kuti mpweya usalowere kumeneko, kokani. Jekeseni ikabwerera yokha mwamphamvu patapita masekondi khumi, valavu yagwira. Vuto lina linabuka pokhomera zisa: chimodzi chinali chothina ndi 0.04 mm, chinapotoka, ndipo valavu imene inagwira poyesa inayamba kutaya. Zisa zilowe mongokankha ndi chala, zigwidwe ndi Loctite yopirira kutentha.

Sipuling'i ya ekizozi ndi ya waya wa 0.6 mm. Yolowetsa mafuta ndi ya waya wa 0.3 mm wa gitala, wokulungidwa pa ndodo ya 3.5 mm. Ya mu bolopeni imaoneka yoyenera koma nthawi zambiri ndi yolimba mopitirira. Muyeso wake: mukazungulitsa flywheel ndi dzanja, valavu igwedezeke ndi kulira kuti prrr pisitoni ikamakoka.

Masabata ano chiperoni chakhala chikugwa, ndipo cast iron yosapakidwa imachita dzimbiri usiku umodzi. Chilichonse chomalizidwa chikulungidwe m'pepala la oyilo.

20 Julayi: kabuleta, thanki ndi moto

Kabuleta ndi kachidutswa ka brass, khosi la 3 mm, kabowo ka mafuta ka 0.6 mm, ndipo singano yosokera zovala yomatidwa m'kabawuti ka mazinga aang'ono ndiyo yochepetsa ndi kuwonjezera mafuta. Khosi lalikulu silipatsa mphamvu pano, limangochepetsa liwiro la mpweya mpaka ulephere kukoka petulo. Mafuta m'thanki akhale 5 mpaka 10 mm kunsi kwa kabowo. Akakwera kupitirira, amadzithira okha ndi kunyowetsa pulagi.

Kapaipi ka silicone kanatupa ndi kuvuka patangopita tsiku. Silicone siigwirizana ndi petulo. Komanso petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, amene amaumitsa mapaipi ena apulasitiki ndi kukoka chinyezi. Taika kapaipi ka mafuta ka makina ochekera mitengo, K2,000, ndipo thanki izikhuthulidwa mukamaliza.

Moto: koyilo ya galimoto ya 12 V yakale, K12,000, ma points (tizitsulo tiwiri totsegula ndi kutseka magetsi a koyilo) ndi condenser K6,500, batire ya njinga yamoto yobwereka. Ma points amatsegulidwa ndi kacam ka pa crankshaft, mpata 0.4 mm, mpata wa pulagi 0.5 mm. Moto umathetheka pamene ma points akutseguka, osati potseka. Poika taiming'i, lumikizani kababu pa ma points ndi kuzungulitsa pang'onopang'ono: kayake pisitoni itatsala madigiri 10 kufika kumutu. Waya wa earth uchoke pa mutu wa silinda penipeni. Injini ikaima ma points atatseka, zimitsani switch, apo ayi koyilo imatentha mpaka kupsa.

Ekizozi itseguke madigiri 45 pisitoni isanafike kumunsi, itseke itangodutsa kumutu ndi madigiri 5. Mpata wa pushrod, kandodo kamene cam imakankhira nako valavu ya ekizozi, 0.1 mm.

27 Julayi: kuyesa kuliza

Mafuta ndi petulo wosakaniza ndi oyilo wa two-stroke, magawo 40 pa limodzi, chifukwa pisitoni ndi O-ring zilibe kwina kopezera oyilo. Poliza tagwiritsa ntchito drill ya m'manja yogwira nati ya kumapeto kwa shafuti. Zichitikire panja, botolo la petulo lili kutali, mchenga uli pafupi.

Kanangophulika apa ndi apo, drill ikachoka nkuzima. Aliyense woima pafupi amaloza kabuleta, ndipo singano imapotozedwa mpaka munthu osadziwanso pamene inali. Musanaigwire, zungulitsani flywheel ndi dzanja. Ikafika pa kompuleshoni iyenera kukana ndi kubwerera m'mbuyo yokha. Yathu inkakana mofooka, koma kukana kwake sikunkatha mukaigwira pomwepo, kusonyeza kuti mpweya sukuthawa koma sukufinyidwa mokwanira.

Tinaimika injini choimirira, pisitoni kumutu, ndi kuthira oyilo wopepuka ndi jekeseni pa bowo la pulagi mpaka kudzaza: 4.2 cc. Mpata wa 8 mm pamwamba pa pisitoni ndi 3.0 cc, koma kanjira ka ku mavalavu ndi malo ozungulira mitu yawo zinawonjezera 1.2 cc zimene chojambula sichinawerengere. Kompuleshoni inali 3.9 pa 1 m'malo mwa 5. Kumbukiraninso kuti Blantyre ali pa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wolowa m'silinda ndi wochepa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi kugombe, choncho injini yofooka kale kuno imafookeratu.

Milimita iliyonse ya silinda ndi 0.38 cc, ndiye tapala 3 mm kumutu kwa silinda, itamangidwa pa mandrel yokutidwa kuti bowo lisakandike. Pushrod yafupikitsidwa ndi 3 mm zomwezo. Poyesa ngati pulagi siigunda pisitoni, ikani kachidutswa ka sopo wofewa pamwamba pa pisitoni, zungulitsani, yesani kukhuthala kwa pamene padindika. Patsala 2 mm. Gasiketi ndi pepala la 0.4 mm lopaka oyilo.

3 Ogasiti: yalira

Singano itatsegulidwa theka la kuzungulira, chala pakamwa pa kabuleta kwa kanthawi kuti petulo akwere, injini inagwira. M'mawa wozizira imafuna singano yotseguka pang'ono kuposa apo, ikatentha muibweze. Utsi wakuda ndi pulagi yonyowa ndiye kuti mafuta achuluka. Ikathamanga mwadzidzidzi kenako nkuzima, achepa. Kusintha kukhale kochepa kwambiri, gawo limodzi mwa magawo 16 a kuzungulira, ndipo dikirani masekondi angapo iyankhe.

Patapita mphindi zochepa inayamba kubwezera moto ku kabuleta nkuzima. Giya yaing'ono inali itaterereka pa shafuti, taiming'i ya ekizozi nkusokonekera. Flywheel nayo inali itayamba kusewera. Kabawuti kamodzi kokanikiza pa shafuti yosalala sikapirira kugunda kwa silinda imodzi. Giya taiboola ndi kuikhomera kapini ka 2 mm. Pa flywheel tapala malo awiri athyathyathya pa shafuti, motalikirana madigiri 90, tibawuti tiwiri ta M5 ndi Loctite yabuluu.

10 Ogasiti: momwe ikuyendera tsopano

Ikulira mokhazikika, ndipo taiming'i itakwezedwa kufika madigiri 15 ikuyankha bwino popanda kubwezera poliza. Popanda fani silinda imatentha moti pakatha mphindi khumi kompuleshoni imayamba kufooka, choncho pakali pano tikuizimitsa isanafike pamenepo. O-ring titaitulutsa ilibe popsa. Bushi la conrod la ku crank layamba kusewera. Brass wamba si wa ntchito imeneyi, pakufunika phosphor bronze ndi kabowo ka oyilo ka 1.5 mm. Valavu ya ekizozi yagwira bwino kuposa poyamba, chifukwa kugunda kwake kwakhazikitsa pokhalira, koma mpata wa pushrod unatsekeka ndi kukhazikikako ndipo wabwezeredwa pa 0.1 mm. Uyesedwenso injini ikalira ola lina.

Ndalama zonse zogulira zinthu zafika K71,500, kuphatikiza mabawuti ndi tina ting'onoting'ono zikuyandikira K85,000, osawerengera Loctite ndi batire. Zotsala ndi fani ya 60 mm yoyendetsedwa ndi lamba wa O-ring kuchokera ku flywheel, throttle ya kabuleta, chotchinga magiya kuti zala zisalowe, ndi kapaipi ka ekizozi ka 6 mm kolozetsa oyilo kutali ndi ma points, amene pakali pano akumada ndi kudula moto.